Kwathu amanditchulabe "iwe"

Ku Blantyre, kumene ndakhala ndikutumikira mpingo kuyambira 2013, palibe amene amandiitana ndi dzina. Ndine "abusa". Ngakhale amayi achikulire amene akanatha kundibereka amandipatsa moni ndi manja awiri, bondo litapindika pang'ono. Koma ndikangotsika Thabwa, n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kudutsa minda ya nzimbe ya ku Nchalo mpaka kupitirira Ngabu, ulemu wonsewo umatsalira kumapiri. Kumudzi kwathu ndine "iwe". Kwa zaka zambiri liwu limeneli linkandibaya ngati minga, ndipo ndikudziwa kuti si ine ndekha. Ndakhala nawo abusa anzanga, alaliki, atsogoleri a amayi, oimba kwaya, amene akafika kwawo amangosanduka mwana wa uje basi. N'chifukwa chake ndalemba izi.

Mu Okutobala 2019 foni inalira usiku kuti amalume atisiya. Anali mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu. M'mamawa ndinakwera minibasi nditavala suti yakuda ndi kolala. Amene amachidziwa Chigwa cha Shire akudziwa kuti Okutobala wa kuno si wovalira jekete, kutentha kumapitirira madigiri 40, nthaka n'kumawotcha mapazi ngakhale uli ndi nsapato. Pofika pa Ngabu shati inali itamata pamsana, koma jekete sindinavule. Lero ndikhoza kuvomera chifukwa chake: ndinkafuna kuti andione.

Pamaliro anali ataika mipando pansi pa mitengo ya nimu, mbali ina ya mafumu, mbali ina ya atsogoleri a mipingo. Nditatuluka m'nyumba ya siwa, kumene ndinakalira ndi amayi, maso anga anapita pa mipando ija. Mpando umodzi unali wopanda munthu. Ndisanasunthe phazi, achimwene anga aakulu anandigwira pamkono.

"Iwe, wachita bwino kufulumira. Ufa watha kumphika uko. Tenga njinga iyo, thumba ilo upite nalo kuchigayo."

Ndinapita. Ndinamanga thumba pa kaliyala, n'kupalasa pamchenga, n'kukaima pamzere pakati pa ana ndi amayi. Wapachigayo anandizindikira ndipo anandiitana ndi dzina langa la paubwana mokuwa kuti limveke pamwamba pa phokoso la injini. Pobwerera suti ija inali itayera ndi ufa m'mapewa ndi m'mawondo.

Mwambo utayamba, wotsogolera anapereka ulemu kwa onse mmodzimmodzi: a gulupu, anyakwawa, abusa a mipingo ya m'deralo, akuluakulu a mpingo wa malemu, ngakhale oimira kwaya imene inachezera usiku. Ine sananditchule. Mwambo wathu ndimaudziwa, wachibale salalikira pamaliro a m'banja mwake, ndipo sindinayembekezere kupatsidwa uthenga. Chimene ndinkadikira ndi mawu ochepa chabe, akuti "tili nayenso mwana wathu amene ndi mbusa ku Blantyre". Sanabwere. Amene analalikira anali mnyamata wa m'mudzi woyandikana nawo, woti sukulu ya Baibulo sanapiteko, Baibulo lake lomata ndi selotepi. Anthu ananena pambuyo pake kuti uthenga unawakhudza. Ine sindinaumve, chifukwa nthawi yonseyo ndinkawerenga zolakwa zake m'mutu, kuti vesi ili walitchula mosayenera, apa wadumpha mfundo. Amalume anga anali m'bokosi patsogolo panga, ine mtima uli pa mpando.

Madzulo titabwera kumanda ndinakhala ndi amayi pakhonde. Anali atatopa, mawu atasasa ndi kulira. M'malo mowatonthoza ndinayamba kudandaula. Ndinawauza kuti anthu a kuno sadziwa kulemekeza atumiki a Mulungu, kuti ku Blantyre anthu amayenda mtunda kudzandimva, ndipo ndinamaliza ndi vesi limene tonse timathawirako: mneneri salemekezeka kwawo, pakati pa abale ake ndi m'nyumba mwake. Ndinawauza kuti ngakhale Yesu anamuchita zomwezi ku Nazareti.

Amayi sadziwa kuwerenga, koma akhala pa mphasa ya tchalitchi zaka zoposa zanga zobadwa. Anakhala chete, akukupiza nkhope ndi nsonga ya chitenje. Kenaka anafunsa motsitsa mawu, osandiyang'ana:

"Mwana wanga, kodi Yesuyo anathawa ndi ndalama za thonje za amayi ake?"

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo, ngakhale sizikoma kulemba.

Mu 2005 mvula inadula pakati pa dzinja, chimanga chinauma chisanabereke, ndipo m'Okutobala chaka chomwecho boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Kwathu chimene chinapirira ndi thonje lokha ndi mapira pang'ono. Munda wa thonjewo tinalima tonse, amayi, achemwali anga, achimwene ndi ine. Amene analimapo thonje akudziwa ntchito yake, kupalira kangapo, kupopera mankhwala dzuwa lili pamutu, kutola ndi zala mpaka kumatuluka magazi m'mbali mwa zikhadabo. Titatola tinakweza pa ngolo, ndipo anatuma ine kumsika chifukwa ndine ndinkadziwa kuwerenga sikelo. Ndalama ndinalandira. Kunyumba sindinabwerere. Zina ndinamwera mowa masiku atatu, zotsala ndinakwerera galimoto ya ku Blantyre.

Chaka chimenecho banja lathu linadya nyika. Kwa amene sakudziwa, nyika ndi timizu tozungulira ta maluwa a m'madzi, timene timamera m'madambo a Shire. Kuti upeze uyenera kulowa m'madzi mpaka m'chifuwa, nthawi zina kumira n'kumafufuza m'matope ndi manja, m'madzi momwemo muli ng'ona. Amene ankalowa ndi achemwali anga. Mwana wawo wamkazi anasiya sukulu ali Sitandade 7 kuti azilera ang'ono ake, ndipo sanabwerereko. Anakwatiwa akadali wamng'ono.

Ine ndinatembenuka mtima mu 2008. Ndinalapadi, ndinalira pamaso pa Mulungu, mowa ndinasiya mpaka lero. Nkhani ya thonje ndinaifotokoza kambirimbiri monga umboni m'misonkhano, anthu n'kumaomba m'manja kuti Mulungu amasintha munthu. Koma kwa amayi, kwa achemwali, kwa achimwene, sindinapite kukanena. Ndinkatumiza kandalama pa Khirisimasi, shuga ndi sopo ndikamabwera, n'kumaganiza kuti nkhaniyo inakwiririka yokha. Ndinalapa kwa Mulungu ndi kwa alendo, eni mlandu ndinawalambalala zaka 14.

Usiku umenewo sindinagone, ndipo si kutentha kokha kapena udzudzu. Ndinayatsa tochi ya foni n'kuwerenganso Marko 6. Anthu a ku Nazareti anafunsana kuti kodi uyu si mmisiri wa matabwa uja, mwana wa Mariya, mbale wake wa Yakobo, Yose, Yuda ndi Simoni, ndipo alongo ake si awa tili nawo pano? Ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo. Pa zonse zimene ananena, palibe ndi chimodzi chomwe choipa chimene anakumbukira. Sanati uyu ndi uja anatibera, kapena uja anatikhomera chitseko chokhota n'kulandira ndalama. Anakhala nawo zaka pafupifupi 30 ndipo chimene akanamunenera n'chakuti ankamudziwa basi. Anthu a kwathu nawonso ankandidziwa, koma zimene ankadziwa za ine zinali zina. Ndinali nditabwereka vesi la munthu wosalakwa kuti ndifundire mlandu wanga.

Sindikunena kuti aliyense amene sawerengedwa kwawo ali ndi thonje lake. Ayi. Davide sanalakwe kanthu pamene bambo ake Jese anaonetsa ana asanu ndi awiri kwa Samueli, iye n'kumuiwala kubusa. Ndipo atapita kunkhondo ndi chakudya, mkulu wake Eliabu anamukalipira kuti nkhosa zija wasiyira yani. Yohane 7:5 akunena poyera kuti abale ake a Yesu sanamukhulupirire, ndipo pa Marko 3:21 a kwawo anapita kukamugwira poganiza kuti mutu wasokonekera. Zimachitika kwa anthu osalakwa. Koma ndikupempha mnzanga amene ukumva kuwawa kumeneku, usanatsegule Marko 6, yamba wakhala pansi n'kudzifunsa kuti anthu awa akandiona amakumbukira chiyani. Mwina ndi ngongole. Mwina ndi mwana amene unamukana. Mwina ndi mawu amene unalankhula utangotembenuka kumene, masiku amene unkatchula agogo ako kuti mfiti ndi makolo ako kuti akunja. Ife otembenuka tili akulu timaiwala msanga, chifukwa kwa ife moyo unayambiranso. Kwa iwo sunayambirenso, unangopitirira, ndi mabala omwewo.

Mu Disembala 2019, maliro aja atapita, ndinatsikanso, ulendo uno ndi shati wamba ndi patapata. Ndinapempha achimwene, amene tsopano ndiwo anali mwinimbumba, kuti aitanitse banja. Anandipatsa mpando, ndinakana, ndinakhala pansi. Ndinanena zonse monga zinachitikira, osakometsera, osatchula Satana ngati ndiye anatenga ndalama. Apa ndichenjeze: musapite ndi ulaliki. Lilime la mbusa limathamangira kunena kuti "Baibulo likuti tizikhululukirana". Tsiku limenelo vesi lotere si lako kulinena. Lako ndi la Zakeyu, amene anaimirira n'kunena chimene adzabweze, ndi la Mateyu 5:23-24, losiya mphatso paguwa n'kuyamba wakayanjana ndi mbale wako.

Achimwene anangoti, "Mlandu suola. Tinkadikira tsiku lino." Amayi analira. Achemwali sanalankhule kanthu, ankangojambula pansi ndi kamtengo. Tinagwirizana kuti ndibweze ng'ombe yaikazi. Malipiro a mbusa wa mpingo waung'ono mukuwadziwa, zinanditengera chaka ndi miyezi kuti ndisonkhanitse, ndipo akazi anga anathandiza ndi phindu la geni yawo ya mandasi popanda kudandaula. Tsiku limene ng'ombe inalowa m'khola, achemwali anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati, "Ng'ombe ndaiona. Koma sukulu ya mwana wanga ilibe khola." Ndinalibe choyankha, ndipo mpaka pano ndilibe. Pali zina zimene sizibwezeka, ndipo munthu uyenera kuvomera kukhala nazo osakakamiza wolakwiridwa kuti amwetulire msanga pofuna kuti iwe upepukidwe.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti kuyambira pamenepo anayamba kunditchula "abusa". Sizinatero. Ndipo pang'onopang'ono ndinayamba kumvetsa kuti ngakhale pakanapanda thonje, kolala yokha sikanawagwedeza anthu a kuchigwa. Uthenga si wachilendo kuno. Amishoni anzake a Bishopu Mackenzie anakhala kwa Chibisa pafupi ndi Chikwawa mu 1862, ndipo Mackenzie mwiniyo anafera pamene Ruo amathira mu Shire chaka chomwecho. Ku Lulwe ku Nsanje mishoni inakhazikika mu 1900. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ndi wakale kuposa zonsezi. Anthu awa aona atumiki amitundumitundu, obwera ndi ngalawa, ndi njinga, ndi magalimoto okhala ndi zokuzira mawu. Madzi atasefukira mu Januwale 2015 anaona ena akubwera ndi thumba limodzi la ufa ndi makamera atatu. Amadziwa kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, amamulandira bwino, amamuphera nkhuku, koma amadziwanso kuti mlendo ndi mame. Ulemu umene ndimalandira ku Blantyre, mbali yake yaikulu ndi ulemu wa mlendo, wa anthu amene amandiona Lamlungu nditasamba. Wa kwathu ndi wovuta kuupeza chifukwa amayeza ndi sikelo ina, yoti kodi mvula ikagwa udzakhala uli kuti.

Pali msuweni wanga mmodzi amene sindinamulakwire chilichonse, koma mpaka lero akandiona amakuwa kuti, "Abusa a zopereka afika, bisani zikwama!" Poyamba ndinkamuyankha kudzera pa guwa. Ndikaitanidwa kulalikira ku mpingo wina wa pafupi, ndinkasankha mutu wa onyoza odzozedwa a Mulungu, ndikudziwa kuti mawu amufika. Ndi tchimo limenelo, ndipo ambiri timalichita: kusandutsa guwa legeni yogendera abale. Ndinasiya. Masiku ano ndimamupatsa moni, ndimafunsa za mbuzi zake, akadwala ndimakamuona. Sanasinthe. Kusintha kwake si ntchito imene Mulungu anandipatsa.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kuona mmene Yesu anachitira ndi abale ake osakhulupirira aja. Sanawatemberere, sanawadule. Ali pamtanda ankaganizabe za amene adzasamale amayi ake, n'kuwapereka kwa Yohane. Atauka anaonekera kwa Yakobo, monga 1 Akorinto 15:7 akunenera, ndipo pa Machitidwe 1:14 tikupeza amayi ake ndi abale ake ali m'chipinda chapamwamba akupemphera pamodzi ndi ophunzira. Yakobo yemweyo anadzakhala mzati wa mpingo wa ku Yerusalemu. Koma zaka zonse zimene Yesu ankayenda m'Galileya akuphunzitsa, m'nyumba mwawo munalibe "ameni". Ngati Mwini ntchito anadikira chotero, ine wa thonje ndingafulumire chiyani?

Kumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wa Ana anagwetsa mvula yoopsa. Shire ndi mitsinje yotsika m'mapiri inasefukira usiku, msewu wa M1 unadukaduka, malo opangira magetsi a Kapichira anawonongeka dziko n'kukhala mumdima. Nyumba ya achemwali inagwa, ya amayi inang'ambika khoma. Ng'ombe ija inapulumuka chifukwa achimwene anaimasula madzi asanafike m'khola. Njira itangotheka ndinatsika, pena pagalimoto, pena pa kabaza, pena wapansi nsapato zili m'manja. Ndinawapeza pa sukulu ya pulayimale imene inasanduka kampu, mabanja angapo m'kalasi imodzi, akugona pa simenti.

Ndinakhala masabata awiri. Ntchito imene inalipo inali yokumba zimbudzi, kutunga madzi pa mjigo n'kuthira mankhwala, kulemba maina a mabanja pamene thandizo likubwera, ndi kuletsa mikangano pamzere. Ndinagwira khasu limodzi ndi anyamata amene ndinkamwa nawo mu 2005. Mapemphero a madzulo ankatsogolera mnyamata uja wa Baibulo la selotepi, ndipo ulendo uno ndinamumvetsera. Amadziwa dzina la mwana aliyense pakampupo, amadziwa amene mwamuna wake sanapezeke, amadziwa amene sanadye. Ndinaphunzira kwa iye zimene sukulu ya Baibulo sinandiphunzitse, ndipo ndinamuuza zimenezo pamaso. Iye ndiye mbusa wa anthu a kwathu, ngakhale alibe pepala. Tsiku lina anandipempha kuti nditseke ndi pemphero. Ndinapemphera mwachidule n'kukhala pansi. Palibe amene ananenapo kanthu, ndipo ndinadabwa kupeza kuti mumtima mwanga simunali kudikira kuti wina anene.

Kwa mnzanga amene ukupita kwanu mwezi uno, kaya ndi kumaliro, kaya ndi ku chinkhoswe: kolala isiye m'chikwama pokhapokha akupemphe kuti uvale. Akakutuma kuchigayo pita, ndipo upite ndi nkhope yabwino, chifukwa ufawo adya ndi anthu amene abwera kudzalira m'bale wako. Wa m'mudzi akamalalikira tsegula Baibulo lako n'kutsatira ngati wophunzira. Ukafuna kuthandiza, thandiza kudzera mwa mwinimbumba, osati pagulu kuti anthu aone envelopu. Ndipo akazi ako kapena amuna ako usawasenzetse mkwiyo wako pobwerera, n'kumawauza kuti abale ako ndi osapembedza. Ana amamva, ndipo amakula akunyoza kwawo.

Namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023 tinamanganso nyumba ya achemwali pamalo okwera, ine ndi achimwene tikuponda dothi. Patapita miyezi ingapo, usiku wina cha m'ma 11 koloko, foni yanga inalira kamodzi n'kuduka. Inali nambala ya achemwali. Sanayambe andiimbirapo okha chiyambire. Ndinaimba mtima uli m'mwamba.

"Iwe," anatero, "mdzukulu wanga watentha thupi, akukomoka. Tili kuchipatala, amuika diripi. Pemphera."

Anali mwana wa mtsikana uja anasiya sukulu. Ndinagwada pambali pa bedi, akazi anga nawonso anadzuka n'kugwada. Ndili pakati pa pemphero mayunitsi anandithera. Ndinayamba kufufuza foni ya akazi anga mumdima, koma ndisanaipeze yanga inaliranso. Achemwali anali atabwereka foni ya mayi wina wa pabedi loyandikana.

"Unalekera panjira," anatero. "Malizitsa."